Khasu la ku China, sipanala ya ku Germany ndi wosula wa kuseri kwa msika: chimalimbitsa chida nchiyani kwenikweni?

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinagula makasu awiri pa hadiweya ina mtauni muno oti nditumize kumudzi anthu ayambepo kusosa mvula isanagwe. Makasuwo anali ofanana chilichonse, penti imodzi, chidindo chimodzi, mtengo umodzimodzi, ndinachita kuwatola pa mulu umodzi. Lina lilipo mpaka lero likugwira ntchito bwinobwino koma linzakelo silinathe ndi sabata yomwe, linangokumana ndi chitsa kamodzi basi kukamwa kwake nkupindika ngati chivindikiro cha poto. Malume anandiimbira foni madzulo ake, moni weniweni osapereka, akuti "mphwanga, zinthu za ku China izi mudzingotaya nazo ndalama, ife kale khasu timalimira mpaka lithe lokha litsale ngati chikhatho cha mwana". Nditawafunsa kuti nanga linalo likutani anati ilo nde khasu lenileni, lachitsulo. Sindinafune kukangana ndi akuluakulu pa foni koma onse awiri anali a ku China, mwinanso anabwera mu kontena imodzi.

Nkhani imeneyi simakutha kulikonse komwe anthu amagwira zida. Pitani pa magalaja a ku Biwi, kwa akalipentala a ku Mchesi, kwa owotcherera a ku Ndirande, mukangoyambitsa za masipanala aliyense ali ndi dziko lake lomwe amalumbirira, wina Germany, wina England, wina akuti za ku Joni nde zenizeni, ndipo onse amagwirizana pa chinthu chimodzi chokha choti za ku China ndi feki. Anzathu a ku Zimbabwe anazipatsa dzina loti zhing-zhong, a ku South Africa amati fong kong. Ku America nde mkangano wake ndi waukulu kuposa kwathu kuno chifukwa iwo umakhudzanso ntchito za anthu zomwe zinatha mafakitale atasamuka. Ine maganizo anga ndi oti dzina la dziko lolembedwa pa chida limatiuza zochepa kwambiri, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyambe kaye talowa mkati mwa chitsulocho.

Chitsulo chomwe timachiona ngati chimodzi sichimodzi ayi. Chomwe chimasiyanitsa kwambiri ndi kaboni, inde yemweyo wa mmakala, yemwe amakhala wosakanikirana mchitsulomo pang'ono chabe. Chitsulo cha mageti, mafelemu a mawindo ndi mabagla chimakhala ndi kaboni wochepa, mwina 0.2 peresenti kaya kucheperapo, nchifukwa chake chimawotchereka mosavuta komanso chimapindika osathyoka, koma olo muchitenthe bwanji nkuchiviika mmadzi sichingalimbe mpaka kusunga kuthwa. Chitsulo cha chikwanje, nkhwangwa, tchizulo kapena khasu labwino chimafuna kaboni wa pakati pa 0.5 ndi 0.8 peresenti, ndipo cha tupa chimaposa pamenepo mpaka kufika pa 1 peresenti nkupitirira. Kusiyana kwake pa manambala kukuoneka ngati kachabechabe eti, koma ndi komweko kumene kumalekanitsa khasu lomwe ladula muzu ndi lomwe lapindika. Vuto nloti ndi maso simungazione, zonse zikapakidwa penti yakuda kaya yobiriwira zimaoneka chimodzimodzi.

Koma ngakhale chitsulo chikhale chabwino chotani, ntchito yeniyeni ili pa moto. Chida chikaumbidwa amachitenthetsa mpaka chifiire, madigiri 800 ndi kupitirirapo pang'ono, kenako nkuchiziziritsa mwadzidzidzi mu oyilo kapena mmadzi. Pamenepo chimauma gwa, cholimba zedi koma chosachedwa kusweka ngati botolo, mutachigwetsa pa simenti chikhoza kuthetheka. Nde amachibwezeranso pa moto wochepa, madigiri 200 mpaka 400 kutengera ndi ntchito yomwe chikagwire, kuti kuuma kuja kubwerere mmbuyo pang'ono chipeze mphamvu yopirira kumenyedwa. Apa mpamene pagona luso lonse. Mukabweza kwambiri chida chimafewa nkumabuntha msanga kapena kupindika, mukabweza pang'ono chimabenthuka, ndipo chida chilichonse chili ndi pake pomwe chimafuna: tupa kuuma kwambiri chifukwa ntchito yake nkudya chitsulo chinzake, sipanala pakatikati chifukwa bola itambasuke kusiyana nkuti ithyoke uli chikokere ndi mphamvu zonse nkukagunda chibakera pa injini. Ku mafakitale kuuma kumeneku amayeza ndi makina pa sikelo yotchedwa Rockwell, tupa amakhala cha mma 60 nkupitirira, sipanala cha mma 40. Nde tangoganizani fakitale yomwe ikuthamangira kudzaza kontena, makasu mazanamazana akulowa mu uvuni nthawi imodzi, amene ali mmbali sanatenthe mokwanira, oyilo watentha kale sakuziziritsanso bwino, ndipo palibe yemwe akutolapo angapo kuti awayeze. Mmenemo ndi mmene makasu awiri a mulu umodzi amakhalira lina lamoyo lina lakufa. Ine ndikukhulupirira kuti langa lija linaphonya pa moto pomwepa.

Palinso nkhani ya kaumbidwe. Sipanala yabwino imasulidwa, kutanthauza kuti chitsulo chofiira chimaikidwa pakati pa zikombole ziwiri nkumenyedwa ndi chihamala cha makina cholemera matani, nde mitsempha ya chitsulo imatsata mmene chidacho chapindikira, ngati mmene mpini wosema motsata mitsempha ya mtengo umalimbira kuposa wodula mopingasa. Mawu aja mumawaona pa sipanala oti Drop Forged akutanthauza zimenezi. Njira yachidule nkusungunula chitsulo nkuchithira mchikombole ngati mmene amapangira miphika ya aluminiyamu ija, zimatchipa koma mkati mumatsala timabowo ta mpweya ndipo tsiku lina chimangoti phwa pakati. Amene munathyolapo vayisi kapena bobojani mukayang'ana pothyokapo nkuona ngati mchenga wotuwa, dziwani kuti chinali chothira. Nanga zilembo zija Cr-V kapena Chrome Vanadium? Imeneyo ndi mitundu ina ya zitsulo yomwe amasakanizamo pang'ono kuti chida chilimbe mpaka mkati komanso chipirire, nzabwino ndithu zikakhala kuti zilimodi. Koma kudinda zilembo sikufuna ndalama, ndipo kunyezimira kwa pamwamba kuja ndi chikutiro chabe choteteza dzimbiri, sikukhudzana nkomwe ndi zomwe zili mkati. Sipanala yonyezimira ngati galasi ikhoza kukhala phala lenileni.

Chomaliza pa mbali imeneyi ndi muyezo, ndipo amakaniko nde amachidziwa bwino. Sipanala yolembedwa 13 imayenera kugwira nati ya 13 mothina, mpata wake ukhale wochepetsetsa. Ikakhala yokhwepa olo pang'ono imagwira mmakona mokha, ukakoka nati nkukhala yozungulira, ntchito ya maminitsi asanu yasanduka ya tsiku lonse mpaka kukaitana wowotcherera. Kuti muyezo ukhale wolondola pamafunika zikombole zosinthidwa zikaperepeseka komanso munthu woyeza, zonsezo ndi ndalama.

Mwaona kuti pa zonse ndatchulazi palibe chomwe chikufuna pasipoti. Kaboni wa ku Sheffield ku England ndi wa ku Shanghai ku China ndi mmodzi, moto wa madigiri 800 ndi womwewo. Funso lenileni nloti ndani anaitanitsa chidacho, anauza fakitale kuti ipange cha mtengo wanji, ndipo anatumiza munthu kukayeza kapena ayi. China imapanga chitsulo choposa theka la chitsulo chonse cha dziko lapansi, matani pafupifupi 1 biliyoni pa chaka, nde sizoona kuti sadziwa kupanga chitsulo chabwino. Mafakitale akumeneko amapanga zinthu mmagiredi, yemwe wabwera ndi ndalama zambiri ndi pepala la miyezo amamupangira zolimba, yemwe wabwera nkunena kuti ndikufuna makasu 20,000 pa mtengo wotsikitsitsa chifukwa anthu akwathu sangakwanitse odula, nayenso amamupangira, amangochepetsa kaboni, kupyapyalitsa chitsulo, kufupikitsa nthawi ya pa moto. Ndipo tinene zoona, oitanitsa ambiri a mbali yathu ino ali mgulu lachiwirili. Si kuti ndi oipa mtima onse, amadziwa kuti pa shelefu khasu lotchipa ndi lomwe limayenda. Nde zomwe timazitcha za ku China nthawi zambiri ndi giredi yotsikitsitsa ya ku China yomwe wina wa konkuno anaisankha dala.

Chinthu chimodzi chimandiseketsa ndikamamva amakaniko akulumbirira Germany. Mawu oti Made in Germany anayamba ngati chitonzo. Mchaka cha 1876 ku chionetsero cha zamalonda ku Philadelphia, pulofesa wina wa ku Germany komweko dzina lake Franz Reuleaux ananena poyera kuti katundu wa dziko lake ndi wotchipa komanso woipa. Nthawi imeneyo opanga mipeni ndi zida a ku Sheffield ku England ankadandaula kuti a ku Germany akukopera zinthu zawo mpaka ndi zidindo zomwe, nde mu 1887 Britain inakhazikitsa lamulo loti katundu wochokera kunja azilembedwa komwe wachokera, cholinga anthu aziona kuti ichi ncha ku Germany nkuchipewa. Sipanapite zaka zambiri a ku Germany anakonza kapangidwe kawo, chidindo chomwe chija nkusanduka chonyadira. Knipex ya mapulayazi ija inayamba mu 1882 ku Wuppertal, Gedore mu 1919 ku Remscheid, matauni oyandikana omwe mpaka pano ndi kuchimake kwa zida. Japan nayo inadutsa momwemo nkhondo yachiwiri itatha, zinthu zake zinkasekedwa. Taiwan chimodzimodzi, koma lero dera la Taichung ndi komwe kumapangidwa masoketi ndi maratcheti ambiri abwino omwe amagulitsidwa ndi mayina a makampani a ku Ulaya ndi America. Zhing-zhong wa lero sitikudziwa kuti adzukulu athu adzamutcha chiyani.

Tsopano za ku America, chifukwa kumeneko nde nkhaniyi inafika poti anthu amatukwanizana. Kunali dzina lotchuka la zida lotchedwa Craftsman, la masitolo a Sears, linayamba mu 1927. Chomwe anthu ankalikondera nchoti sipanala ikathyoka, olo patapita zaka 30, umangopita nayo ku sitolo nkukupatsa ina yatsopano osafunsa lisiti. Koma Sears sinali ndi fakitale ya masipanala, inkachita kuitanitsa kwa makampani ena a mdziko momwemo monga Western Forge ndi Danaher nkudindapo dzina lake. Cha mma 2010 zida zambiri za Craftsman zinayamba kupangidwa ku China, mtengo osatsika kwenikweni, ndipo ogula anayamba kudandaula kuti masipanala anenepa kukamwa sakulowanso mmalo othina, maratcheti akudumpha mano. Funso nkumati analakwa ndani, fakitale ya ku China kapena Sears yomwe inali pa mavuto a ndalama nkumafuna zotchipa? Mu 2017 Sears inagulitsa dzinalo kwa Stanley Black & Decker pa ndalama pafupifupi madola 900 miliyoni, chaka chotsatira Sears nkugwa. Eni atsopanowo analonjeza kuti abweza ntchito kumudzi, mu 2019 analengeza fakitale ya madola 90 miliyoni ku Fort Worth ku Texas yoti idzalembe anthu 500 nkumapanga masipanala ndi masoketi ndi makina amakono. Mu 2023 analengeza kuti akuitseka, isanatulutse nkomwe katundu wochuluka monga ankayembekezera. Makina sanayende monga anaganizira, mliri wa Covid unasokoneza, ndipo anthu odziwa ntchito ya kusula omwe akanakonza zinthu anali atabalalika kalekale.

Ina ndi ya pulayazi yokhoma ija owotcherera amapanira zitsulo, Vise-Grip. Anaipeka ndi wosula wina wochokera ku Denmark, William Petersen, mkamudzi kotchedwa DeWitt ku Nebraska, chiphaso chake ncha 1924. Kamudziko kali ndi anthu mazana ochepa chabe ndipo pafupifupi banja lililonse linkadyera pa fakitale imeneyo, mpaka mu 2008 pomwe eni ake atsopano anaitseka nkusamutsira ntchito ku China, anthu oposa 300 nkukhala pa ulova. Patapita zaka kampani ina yotchedwa Malco inatsegulanso nyumba yomweyo nkuyamba kupanga mapulayazi a mtundu womwewo ndi dzina loti Eagle Grip, aliyense amene anawagwira ankayamikira kuti ndi olimba zedi, koma mtengo wake unali wokwera kangapo kuposa obwera kunja ndipo sizinakhalitse, anasiya. Anthu omwewo amene amafuula kuti tikufuna zopangidwa kwathu, atafika pa shelefu anatola zotchipa. Apa sindikuwaseka ayi chifukwa nanenso pa hadiweya paja ndinachita chimodzimodzi.

Sikuti zonse zinasamuka. Snap-on ya ku Kenosha ku Wisconsin, yomwe inayamba mu 1920, imapangabe masipanala ndi masoketi ake ambiri ku America komweko koma mitengo yake ndi yoti makaniko amagula pa ngongole nkumabweza pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Knipex ikupangabe ku Wuppertal. Amenewa anasankha kugulitsa kwa munthu yemwe chida ndi munda wake, amene sipanala ikamuthyokera ndiye kuti tsiku limenelo sadya. Komanso mayinawa asamatipusitse, anasakanikirana kalekale. Bahco ya ku Sweden, kwawo kwa Johan Petter Johansson yemwe anakonza bobojani wa mtundu womwe tikugwiritsa ntchito lero cha mma 1890, ili mmanja mwa Snap-on kuyambira 1999. Mpeni wa okapi womwe timauona ngati wa ku Joni unayambira ku Solingen ku Germany mu 1902, unasamukira ku South Africa mu 1988. Gedore ili ndi fakitale kufupi ndi Durban, malo akenso dzina lake New Germany, nde Gedore wa makaniko wa ku Biwi akhoza kukhala wa ku KwaZulu-Natal osati ku Remscheid ndipo palibe cholakwika. Chizindikiro cha ng'ona chija agogo athu ankachifuna pa khasu ndi pa chikwanje ncha makampani a ku England, Chillington ya ku Wolverhampton ndi Ralph Martindale, koma zida za ng'ona zakhala zikupangidwanso mmaiko ena monga Ghana ndi Thailand. Ndiye wina akati chida ichi ncha ku England akutanthauza chiyani, dzina, mwini wake, chitsulo kapena manja amene anachisula?

Nde tibwere kwathu, chifukwa kuno nkhaniyi imatembenuka. Wa ku America akamati zakwathu akunena fakitale yomwe inalipo nkutsekedwa. Ife tikati zakwathu tikunena chiyani? Kale kwambiri yankho linali losavuta. Makolo athu ankayenga chitsulo okha kuchokera ku miyala, mu ng'anjo zadothi, ndi makala ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Aphoka a kumapiri a ku Rumphi anatchuka ndi makasu awo, ku Kasungu zotsalira za ng'anjo zilipo, ndipo David Livingstone atafika kwa Amang'anja mu 1859 anapeza anthu akusula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mikondo mmidzi mwawo. Khasu linali ndalama, linkagula zinthu, kumpoto linkalowa pa malowolo, ndipo dzina la ufumu wa Chikulamayembe anthu amalifotokoza kuti linachokera ku mawu a Chiswahili onena za kunyamula makasu. Palinso ofotokoza kuti dzina loti Maravi, malawi a moto, likukhudzana ndi kuwala kwa ng'anjo usiku, ngakhale ena amati ndi kunyezimira kwa dzuwa pa nyanja. Chinapha ng'anjo zimenezi sichinali kuipa kwa chitsulo chake, anali makasu otchipa a mmasitolo obwera pa sitima nthawi ya atsamunda, kuphatikizapo zitsulo zakutha zomwe zinayamba kupezeka paliponse. Kuyenga kunkafuna masiku ambiri, anthu ambiri ndi makala osaneneka kuti upeze makasu ochepa, sukanapikisana ndi fakitale ya ku Birmingham. Kunena kwina, zhing-zhong woyamba kugwetsa mafakitale athu anali wa ku England.

Titalandira ufulu kunabwera kuyesa kupanga zathu, ambiri mukukumbukira makasu ndi mapulawo a ng'ombe a Agrimal ya ku Blantyre. Koma pali chinthu chomwe sitingachithawe, dziko lathu liribe fakitale yoyenga chitsulo kuchokera ku miyala, nde aliyense wopanga khasu la fakitale kuno amayenera kuitanitsa chitsulocho kunja, kulipira ndi madola, kuchinyamula pa thiraki kuchokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kaya Durban, kenako nkulimbana ndi magetsi ozimazima pomwe uvuni wolimbitsira zida sufuna kuzimiridwa pakati pa ntchito. Mnzake wa ku China chitsulo akuchigula pakhomo, magetsi alipo, ndipo akupanga makasu mamiliyoni oti apite maiko makumi angapo nde mtengo wa chikombole ukagawidwa pa khasu lililonse umangotsala makobidi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ena ankaganiza kuti mwina zakunja zikadula zakwathu zipeza mpata, koma zakwathuzo mkati mwake ndi madola okhaokha nde zinakwerera limodzi. Zimbabwe inali ndi Zisco ku Redcliff yomwe inkadyetsa mafakitale a zida kumeneko koma inaima mu 2008, ndipo fakitale yatsopano ya chitsulo ku Manhize eni ake ndi kampani ya ku China. South Africa nde ili ndi mwayi chifukwa chitsulo imayenga yokha, nchifukwa chake mafosholo ndi mapiki a Lasher akupangidwabe komweko. Ndondomeko ya Buy Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 2016 ndi yabwino pa mpunga wa Kilombero, tiyi ndi sobo, koma pa sipanala tilibe choti tigule, ndipo tisanamizane.

Chomwe tili nacho chenicheni ndi osula a kuseri kwa misika. Ndinakhalapo tsiku lina mmawa wonse pa chipala cha bambo wina wachikulire ndikudikira nkhwangwa. Mvukuto wake sunali wachikopa, anali gudumu la njinga lomangirira ku kafani, mdzukulu wake akupukusa ndi dzanja, makala akuchita kulira. Chosulirapo chinali chidutswa cha njanji. Chitsulo chake sipuling'i ya lole yakutha, ndipo apa mpamene ndinazindikira kuti bamboyu akudziwa zomwe mainjiniya amaphunzira ku koleji ngakhale sangazitchule ndi manambala, chifukwa sipuling'i ya galimoto ndi chitsulo cha kaboni wokwanira bwino, chopangidwira kupirira kupindidwa kambirimbiri, nchimodzi mwa zitsulo zabwino kwambiri zopangira nkhwangwa ndi kasemasema. Atamaliza kusula anatenthetsa kukamwa kokha, nkuviika mu oyilo wakuda wa mgalimoto utsi tolotolo, kenako anapala pang'ono ndi mwala kuti pawale nkuikanso pambali pa moto maso ali pomwepo. Chitsulo chinayamba kusintha mtundu, chikasu chotuwa ngati udzu wouma, kenako kuderako, chisanafike pa buluu anachichotsa msanga nkuviikanso. Ndinawafunsa kuti bambo mumadziwa bwanji, anangoti "mwana wanga, ikafika pa mtundu wa khosi la nkhunda ndiye kuti wachedwa, imeneyo ndi ya chikwanje osati nkhwangwa". Mitundu imeneyo ndi thermometer yeniyeni, mtundu uliwonse umaonekera pa kutentha kwakekwake, ndipo osula a ku Sheffield akale ankayang'ananso zomwezo.

Koma ndisawakometsere mopitirira. Osula athu sali ofanana, ndipo vuto lawo ndi lomwe lija la fakitale yothamanga, kusadalirika. Masipuling'i akutha anadula chifukwa ogula zitsulo zakutha amawalimbirana, nde wina amangotenga chitsulo cha ringi ya nyumba kaya chidutswa cha chitseko cha galimoto nkusula khasu looneka bwino lomwe silingalimbe olo aliviike kakhumi. Sipuling'i ina imakhala ndi ming'alu yosaoneka yomwe inabwera ndi zaka za pa msewu. Wina amaviika mmadzi ozizira chitsulo chofuna oyilo, nkhwangwa nkudzabenthuka tsiku loyamba pa mtengo wa tsanya. Kusiyana kwake nkoti wosula uli naye pafupi, ukhoza kubwerera nkukamuonetsa, amachita manyazi nkukukonzera chifukwa mudzi wonse umva. Kontena ilibe manyazi. A Malawi Bureau of Standards alipo kuyambira 1972 ndipo ntchito yoyeza katundu wolowa ndi yawo, koma ndi zipata zonse zomwe katundu amalowera mdziko muno, zina zosadziwika nkomwe, kuyembekezera kuti khasu lililonse la pa msika layezedwa kuuma kwake nkudzinamiza.

Palinso za feki zenizeni zomwe ndi nkhani ina, chida chodindidwa dzina la kampani yotchuka chomwe kampaniyo sinachionepo. Chimenechi chimasokoneza mkangano wonse chifukwa munthu amagula sipanala yolembedwa Germany pa mtengo wa mandasi, ikathyoka amati ngakhale za ku Germany masiku ano zinatha. Komanso mawu oti Germany okha popanda Made in, kapena German Design, kaya kambendera chabe pa paketi, sizikutanthauza kuti chapangidwa kumeneko. Pomwe mayina a ku China omwe sabisala, monga Ingco ndi Total omwe adzaza mmahadiweya athu, amaika dzina lawo poyera ndipo ali ndi mbiri yoti aiteteze, nde kawirikawiri umadziwa chomwe ukugula, chapakatikati chogwirizana ndi mtengo wake. Ine bola chimenecho kusiyana ndi Germany wabodza.

Pogula pali tinjira tomwe akuluakulu amagwiritsa ntchito ndipo tili ndi nzeru mkati. Khasu kapena chikwanje chigwireni molenjeketsa nkuchigogoda ndi kachitsulo, cholimbitsidwa bwino chimalira nthawi yaitali kuti ngwiii, chofewa kaya chokhala ndi mng'alu chimangoti phu, ngakhale njirayi siyotsimikizika kotheratu. Yabwino kuposa ndi tupa ngati wogulitsa akulolani, mukapala kukamwa nkumangolowa ngati mukupala sopo ndiye kuti nchofewa. Chikwanje chipindeni pang'ono, chabwino chimabwerera chokha. Khasu muliyang'ane pomwe msuka kapena bowo la mpini lakumana ndi tsamba, ngati mpowotcherera mwa dontho dontho pamenepo mpamene lidzathyokere, labwino limakhala lokhuthala pakati nkumapyapyala kupita kukamwa. Sipanala pitani ndi bawuti yanu mthumba mukayese kugwedera kwake. Ndipo amakaniko ambiri odziwa amakagula masipanala akale a kaunjika, akuda opanda kunyezimira, chifukwa chida chomwe chagwira ntchito zaka 40 osathyoka chayezedwa kale kuposa mmene makina alionse angachiyezere. Pamenepanso mpomwe pamachokera bodza lina loti zakale zonse zinali zolimba, zofooka za nthawi imeneyo zinathyoka kalekale nkutayidwa, ife tikungoona zopulumuka.

Kumbali ya ndalama nde aliyense amadziwa thumba lake. Kalipentala kapena makaniko yemwe akugwira chida tsiku lililonse akagula chotchipa amagula katatu, kuphatikizapo manati ozungulira ndi makasitomala okwiya. Koma munthu wofuna sikuludiraiva yomangira chogwirira cha poto kamodzi pa chaka palibe chifukwa choti agule ya mtengo wa thumba la chimanga. Amene ali pa mpanipani weniweni ndi mlimi, chifukwa khasu amaligwira tsiku lililonse ngati makaniko koma ndalama yogulira labwino amaipeza nthawi yokolola pomwe khasulo limafunika nthawi yomwe mnyumba mulibe kanthu, feteleza akudikiranso.

Khasu lopindika lija malume sanalitaye. Anapita nalo kwa wosula wa pa msika wa kwathu yemwe analiwongola, nkuyesa kulilimbitsa pa moto, ndipo akuti linagwira ndithu, kusonyeza kuti kaboni analimo koma ku fakitale kuja silinapsye bwino. Anamulipira ndi nkhuku yaing'ono. Pano akulimira lomwelo ndipo akamauza anthu amati ndi khasu lachikuda.